Malemu Oyitana Masana

"Amake Mércia, mukundimva?"

Lichero linapulumuka m'manja mwa alamu anga a Rakele, mpunga n'kumwazika pabalaza ponse. Ine ndinali pamphasa, msana kukhoma, duku lakuda kumutu, monga akhalira mkazi amene waika mwamuna wake m'manda masiku asanu ndi anayi apitawo. Ndinafuna kudzuka.

"Amake Mércia. Ndili pano. Khalani pomwepo, musasunthe."

Anali amuna anga a Hezekiya, alongo awo a Rakelewo. Musandiuze zoti mwina makutu anandinamiza. Munthu ndinakhala naye zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndikudziwa mmene ankakokera dzina la mwana wathu, ngati akukoka chingwe chonyowa. Mawuwo sanalowere pakhomo, sanalowere pawindo. Anangodzaza nyumba. Ena anagwa kuchokera kudenga, ena anandifika kumbuyo kwa khosi, pomwe kumbuyo kwangako kunali khoma lokhalokha.

Kenako pansi panagunda. Du. Du. Du. Katatu, mosafulumira, ngati munthu akugogoda thabwa ali mkati mwake. Kugundako ndinakumva m'matako ndisanakumve m'makutu, ndipo ndinaona ndi maso angawa mpunga womwazika uja ukudumphadumpha.

"Amake Mér..."

Mawu anatsamwa ngati wina wawagwira pakhosi. Zii.

A Rakele anatuluka chokwawa, anakaimirira panja. "Mayo ine! Anthuni, bwerani! Mlongo wanga ali m'nyumba!"

Sunali usiku. Inali cha m'ma dezi ora, imene ena amati teni koloko ya m'mawa, dzuwa litaoneka koyamba patapita sabata yathunthu ya mitambo ndi mvula yowaza. Nkhuku zinali kupalasa pabwalo, kudoko anthu akukangana za ukonde. Mzimu wausiku timaudziwa, umayatsa nyali n'kupemphera mpaka kuche. Nanga wamasana umatani nawo?

Ndiyambe ndanena za munthuyo kuti mundimvetse. Ine sukulu ndinalekezera kwarta kilasi, kalasi yachinayi, kukometsa nkhani sindidziwa. A Hezekiya anali msodzi wabwino kuno ku Msumba, wosamwa, wosamenya, wosajomba kutchalitchi. Nthenda yawo inali imodzi: mawu a m'makina. Usipa ukagwa bwino amuna anzawo ankagula njinga yamoto, ena ankatenga mkazi wachiwiri. Iwo anagula painelo ya magetsi a dzuwa, batire, televizawu, makina a mafilimu, ndi makoluna, masipika aja, awiri aatali ngati ana a zaka zisanu.

Kugulako si kanthu. Chimene chinandizunguza mutu ndi kuyesa. Tsiku la mwera, maboti atakhala pamchenga, munthu wamkulu ndi ndevu zake ankatenga twayini wosokera ukonde n'kuyeza kuchokera pampando wake kukafika pakoluna la kumanzere, kenako la kumanja, kuti mitunda ifanane. Ankawakweza panjerwa kuti alingane ndi makutu a munthu wokhala pampando. Ankawasuntha kuchoka kukhoma chikhato chimodzi, n'kumvetsera maso atatsinzina, n'kuwabwezanso zala ziwiri. Ukasesa n'kukhudza limodzi, mlandu wa tsiku lonse.

"Phokoso aliyense atha kugula, amake Mércia," ankatero. "Ine ndikufuna mawu. Munthu akanong'ona mufilimu, ndimumve ngati wakhala apa."

"Ine sindimva munthu aliyense," ndinkawayankha. "Ndimangomva mabomba."

Sindinkanama. Ndinali mtsikana pamene tinkathawa nkhondo pabwato kupita ku Likoma, ndipo kugunda kwa m'munsi kuja, kumene anyamata amati gravi, kunkandibwezera komweko. Iwo ankati cholakwa si gravi ayi, ndi nyumba. Makoma opanda kanthu amabweza mawu ngati thanthwe, malata amanjenjemera, bokosi la thabwa lopyapyala limalira lokha pamwamba pa nyimbo. Anakhoma masaka m'makoma. Ndinapirira. Anakhomanso ukonde wakale wonunkha nsomba. Ndinapirira. Tsiku lina ndikuchokera kumatandala, kumene timayanika usipa, ndinapeza adula pakati bulangeti langa latsopano lochokera ku Lichinga.

Ndinawatsatira kudoko. Pamaso pa amayi onse ndinakuwa mawu awa, ndipo sindiwakana:

"Mudzafe ndi makoluna anuwo! Adzakulireni ndi iwowo, ine misozi yanu ndilibe!"

Anthu anaseka. Iwonso anaseka. M'mawa mwake ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita ku Maniamba, kumene masiku ochira a Mércia anali atayandikira. Sindinatsanzike. Ndinakhalako masabata asanu ndi awiri, ndikusambitsa mdzukulu, mkwiyo ndikuufungatira ngati nawonso ndi khanda. Kenako telefoni inalira. Agwa kudoko ukonde uli m'manja, sanadzukenso. Kuchipatala anati magazi anathamanga. Kumudzi sanatero.

Tsiku lotsatira maliro, mng'ono wawo, alamu anga a Lameki, anabwera ndi wilibala n'kunyamula televizawu, makina a mafilimu, makoluna awiri aja ndi batire, ati akasunge mpaka tsiku logawa katundu. Sindinawaletse. Zinthuzo ndinkadana nazo. Pabalaza panatsala masaka m'makoma, mpando umodzi, bokosi la zovala pakona, ndi mphasa zimene malemu anakhoma kunsi kwa malata ine kulibe, zimene ndinkayesa n'zoletsa kutentha. Ndiye mundimvetse bwino. M'nyumba muja munalibe chilichonse choti n'kulankhula. Mudzi wonse unaiona wilibala ija ikutuluka.

*

Dzuwa litapendeka tsiku limene mawu aja anamveka, pabwalo panga panadzaza anthu, koma palibe amene anaponda khonde. Ine ndinakhala pamenepo ndekha. A Lameki anakhala pachitsa, patali ngati ndili ndi khate, chipewa chili pabondo.

"Alamu," anatero mofatsa. "Tiuzeni bwinobwino. Achimwene mwawasunga pati?"

"Kumanda. Munanyamula ndinu."

"Tinanyamula bokosi."

"Munawasambitsa ndinu, alamu. Munawaveka jekete ndinu, ine ndili pamsewu. Kapena munasambitsa thunthu la nthochi?"

Pakamwa pangapa ndi pamene padzandiphe. Anthu anang'ung'udza onse pamodzi ngati njuchi. Kwathu kuno amati wopha munthu m'matsenga amasiya thunthu la nthochi pamphasa, abale n'kulira nthochi, n'kuika nthochi, pomwe munthu weniweni ali kuseri kwa chitseko, atamudula lilime, akugwirira ntchito womuphayo. Ndondocha. Ine ndinatchula nthochi monyoza. Iwo anamva kuulula.

"Mwamva nokha," anatero a Rakele, akupukuta mamina ndi nsonga ya nsalu. "Ananena kudoko kuti afe, tonse tinalipo. M'mawa mwake anathawira kumtunda. Kukatani masabata onse aja? Kubereka kumatenga masabata asanu ndi awiri? Pamaliro misozi munaiona? Lero akuti nthochi."

"Misozi yanga si ya chionetsero, alamu. Mufuna ndikulirireni m'kapu mukayeze?"

"Lilime sanalidule bwino," wina anatero kumbuyo kwa gulu.

Nkhope sindinaione, koma mawuwo ndimawadziwa. Timagwira buku limodzi la nyimbo Lamulungu lililonse.

"Mwina ndi wailesi," anayesa a Rehema, anansi anga, mayi wachisilamu amene takhala tikubwerekana mchere chibwerereni kuchokera ku Likoma.

"Wailesi yodziwa dzina la Mércia?" a Lameki anafunsa osawayang'ana. "Zonse zili kwanga, amama. Ndi batire yomwe. Chinthu chopanda batire chimalira?"



A Lameki anavala chipewa. "Mawa tibwera nthawi yomweyo. Akakhala chete, tikaitana apadiri adzapemphere, nkhani ithe. Akalankhulanso, nyumbayi tiyatsa kuti achimwene amasuke apite kokapuma. Za inu, alamu..."

Sanamalize, ndipo panalibe chifukwa choti amalize. Chaka chatha kumtunda uko mayi wina wokalamba ananenedwa zomwezi. Anakamupeza atafa m'munda wa chinangwa, ndipo m'mudzi monse munalibe amene anaona kanthu.

Ndinagona kukhitchini kwa a Rehema. M'mawa, madzi a tiyi asanawire, anandigwira dzanja.

"Boti la ku Metangula silinanyamuke. Nsalu yanga nayi, mufunde kumutu, akuyesani ine. Kwerani, amake Mércia. Nyumba ndi dothi, mutu ndi umodzi."

"Ndikathawa ndavomera."

"Nanga mukakhala?"

"Ndikakhala andiphere panyumba panga. Njerwa zake ndinasenza ndine."

"Inu liuma lidzakuphani."

"Akuti landiphera kale mwamuna."

Anaseka pang'ono, kenako analira. Chimene sindinawauze n'chakuti inenso ndinkakhulupirira. Osati za ndondocha, manja anga ndikuwadziwa. Ndinkakhulupirira kuti a Hezekiya abwerera mawu aja a kudoko, abwera kudzafunsa misozi yawo. Anthu ndinkawaopa, koma amuna anga ndinkawaopa koposa. Khalani pomwepo, musasunthe. Wakufa akakuuza kuti usasunthe, akufuna akutani?

*

Anabwera ochuluka kuposa a pamaliro. Ena anasiya usipa pathandala wopanda woyang'anira. Amuna awo a Rakele ananyamula chigubu cha gazolina wa injini ya boti, n'kuchikhazika pakati pa bwalo kuti aliyense achione. Ine anandiimika pakhonde pafupi ndi chitseko chotsegula, iwo n'kuzungulira patali. Kumwamba kunali mitambo yodukaduka, ikuyenda kuchokera kunyanja.

Tinadikira. Khanda lina linalira, mayi wake analitseka pakamwa ndi bere. Ine ndinapemphera pemphero lopanda ulemu: bambo a Mércia, ngati munandikondapo tsiku limodzi, tsekani pakamwa. Mthunzi wa mango unali kutsetsereka pang'onopang'ono kuchoka padenga.

"Amake Mércia, mukundimva?"

Amayi anakuwa. Ena anagwada, ena anathawa n'kubwereranso. A Lameki anavula chipewa.

"Ndili pano. Khalani pomwepo, musasunthe."

Du. Du. Du. Khonde linayankha pansi pa mapazi anga. Mkodzo unanditsika m'miyendo, sindibisa. Mwala woyamba unagunda chitseko. Wachiwiri unandipeza pamwamba pa diso la kumanzere, ndinangozindikira ndakhala pansi.

"Amake Mércia, kumeneko ndi..."

Zii.

Magazi anali atatseka diso limodzi. Ndi linalo ndinayang'ana kumwamba. Sikuti ndinkafuna Mulungu, chinali chizolowezi chabe. Mkazi amene wayanika usipa zaka makumi atatu, khungu lake likangomva kuzizira pang'ono, khosi limadzuka lokha kuona ngati athamange kukavundikira nsomba. Mtambo unali utaphimba dzuwa.

Unali waung'ono. Ndinauyesa monga ndichitira kumatandala: uwu sugwetsa kanthu, udutsa munthu asanamalize kumanga nsalu. Unadutsadi. Kutentha kunabwerera pamapewa anga.

"Amake Mércia, mukundimva?"

Kuyambiranso pachiyambi. Mawu omwewo, kupuma komweko, kukoka dzina komweko. Wakufa wanji wosasintha ngakhale liwu limodzi? A Hezekiya amoyo sankanena chinthu kawiri osaonjezerapo. Ndinatsika pakhonde chokwawa, n'kuyang'ana padenga. Painelo ija inali pomwepo, yakuda, ikunyezimira. A Lameki anaisiya chifukwa inali yokhomedwa ndi misomali.

Mtambo wina, wokulirapo, unali kubwera. Ndinaimirira.

"Akhala chete tsopano!" ndinakuwa ndikuloza kumwamba. "Taonani uwo! Ukangofika padzuwa akhala chete!"

Unafika. Anakhala chete.

Ndinkayesa ndadzipulumutsa. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana kumene ndinkaloza. Onse anayang'ana chala changa.

"Akumulamula!" a Rakele anafuula. "Mwaona? Amuuza akhale chete, wakhala chete!"

"Mfiti!"

"Yatsani!"

Chigubu chinatsegulidwa. Gazolina anawazidwa pansanamira za khonde ndi pachitseko, wina anandidonthera kumapazi, wozizira ngati madzi a m'mamawa. Kutsogolo kunali anthu, kumbali anthu. Malo amodzi okha ndi amene palibe akananditsatira. Ndinalowa m'nyumba.

Kumbuyo kwanga ndinamva a Rehema ataima pakhomo. "Muyatse ndi ine ndemwe! Lameki, ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula, lero ukufuna kuotcha mkazi wa mkulu wako? Yatsa!"

M'katimo munali kamdima. Malaya a malemu anali chipachikire pamsomali, ndipo ndinawadutsa chammbali ngati angandigwire. Ndinatenga nkhafi yawo kuseri kwa chitseko n'kubaya mphasa za kudenga, molunjika pansi pa painelo. Fumbi ndi zitosi za abuluzi zinandigwera kumaso. Ndinabayanso. Mphasa inang'ambika, mawaya ofiira ndi akuda n'kulendewera ngati matumbo. Pamtanda wa denga panali kabokosi kakang'ono ngati sopo wochapira, kafulashi kosungira nyimbo katabayidwa m'mbali mwake. Ndinang'amba mphasa ina. Kakoluna kakang'ono, kokulungidwa m'chidutswa cha bulangeti langa, kataloza pampando. Ndinang'amba inanso. Kenanso, pamwamba penipeni pamene ndinakhala dzulo lake.

Zinthu zimenezi sindinaziwonepo. Anazigula ine ndili ku Maniamba, n'kuzibisa mmwamba kuti tsache langa lisazipeze. Wokonza mawailesi wa ku Metangula anadzandifotokozera pambuyo pake kuti batire ikanakhalapo, kabokosiko kakanagona mpaka mwini wake akadzutse. A Lameki atachotsa batire, kanatsala kolumikizidwa ku painelo yokha. Dzuwa likakwana kankadzuka n'kuyamba zimene zili pafulashi, likachepa kankafa. Koma tsiku limenelo ndinalibe wondifotokozera, ndipo chimene ndinkaopa sichinali kudenga. Chinali pansi.

Waya mmodzi wonenepa ankatsika ndi khoma, atamatidwa ndi dothi la mtundu wina. Ndinamukoka, dothi likugwa zibumazibuma, mpaka anandifikitsa pakona, kunsi kwa bokosi la zovala. Ndinakankha bokosilo ndi bondo. Pansi panali thabwa lozungulira, loboolaboola, lolingana ndi nthaka.

Apa ndiye ndinaima. Mawaya ndinawaona, kabokosi ndinakaona, koma thupi linakana kukhulupirira mutu. Linkadziwa kuti ndikachotsa thabwali ndipeza nkhope, maso otsegula, pakamwa podzaza dothi.

"Chokanipo, amama!" wina anakalipa panja. "Machesi ali ndi ndani?"

Ndinalowetsa nsonga ya nkhafi, ndinatsinzina, n'kutukula.

Linali koluna lozungulira, lalikulu ngati mbale yodyera banja lonse, litakhala chagada pakamwa pa mtsuko. Mtsuko wanga waukulu wa madzi, umene anaumba amayi anga, wokwiriridwa mpaka m'khosi, m'mphepete atazinga ndi mphira wa tayala kuti mpweya usapulumuke. Nditafika pamaliro ndinaufunafuna, ndinkayesa aba a Rakele.

Kuwala kunalowa pakhomo. Kudenga kabokosi kaja kanatsegula kadiso kobiriwira. Amuna anga anandiyitana pamwamba pa mutu wanga, ine nditagwada pamenepo, ndipo kenako pepala lakuda la kolunalo linadumpha pamaso panga. Du. Du. Du. Ndinakuwa mokweza kuposa a Rakele.

Kenako mkwiyo unafika. Unafika wonse, wa bulangeti, wa mwala, wa mkodzo umene unali kuuma m'miyendo mwanga.

"Chitsiru cha munthu!" ndinatukwana. "Mtsuko wa amayi anga!"

Ndinalizula kolunalo, waya akutsatira, ndinalinyamula mpaka pakhomo. A Rehema ndinawakankhira pambali ndi phewa. Mnyamata wa machesi, mwana wa mlongo wanga weniweni, anali atatulutsa kale kamtengo. Ndinanyamula chinthucho pamwamba.

"Nayu mlongo wanu, a Rakele! Nayo ndondocha yanga! Alamu a Lameki, lowani mukaone manda ake, ali pakona!"

Kumwamba kunali koyera tsopano, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe chimene chinawadula pakamwa a Hezekiya. Mawu anatuluka m'nyumba, anatulukanso m'manja mwanga, opyapyala poti mtsuko unatsala m'dothi.

"Amake Mércia, kumeneko ndi boti la Lameki, ndikulimenya ndi chibakera kuno kudoko. Kwakuopsani? Sikuyenera kukuopsani. Dothi silinjenjemera ngati thabwa. Mumvetsere bwino, ndi kugunda kofewa, si bomba ayi."

Anatsokomola. Kumbuyo kwawo madzi ankamveka akumenya mchenga.

"Ndayesa ndi mawu anga chifukwa ndi amene mumawadziwa. Mukandimva ngati ndili m'nyumbamo, ndiye kuti ndakhoza."

A Lameki anakwera pakhonde, anadutsa pambali panga osandiyang'ana, analowa. Ndinawamva akuyenda pa zibuma, akuima pakona.

"Za mtsuko musakalipe," amuna anga anapitiriza. "Unali wong'aluka kale." Anapuma pang'ono. "Ayi, ndanama, sunali wong'aluka. Ndikugulirani wina."

Wina pagulupo anaseka, kuseka kwa munthu amene wagwidwa akuba nkhuku, n'kudzitseka pakamwa. A Lameki anatuluka fumbi lili m'mawondo. Anapita pakati pa bwalo, analanda chigubu m'manja mwa alamu awo, amuna a Rakele, anachitseka okha, anamanga chotsekera mpaka zala zinayera. Analandanso machesi.

"Bwererani kwanu," anatero. "Ndi makina. Ndi makina a achimwene."

Anthu anayamba kuchoka chammbali, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi usipa wake. Woponya mwala sanadziwike. Wa buku la nyimbo uja ndinamuona msana wokha ukulowa m'chinangwa. A Rakele anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambalitsa, akulira kulira kwina, kosiyana ndi kwa dzulo. Kupepesa sanapepese, ngakhale tsiku limenelo ngakhale lero.

"Tsopano tamverani m'munsimu," anatero a Hezekiya, ndipo anayamba kung'ung'uza ndi pakamwa potseka, mawu otsika kwambiri, opanda nyimbo, akukwera pang'ono n'kutsikanso.

A Lameki anabwerera pakhonde. Anatambasula dzanja kuti agwire waya.

"Alamu, tizimitse. Zatha. Mukatsuke bala."

"Gwirani muone."

"Alamu..."

"Munanyamula zanu ndi wilibala. Ichi sichituluka pano. Chokani pakhonde panga, mukununkha gazolina."

Anachoka. A Rehema anabwera ndi madzi m'beseni, anandiyang'ana, anakhazika beseni pansi, nawonso n'kupita kuseri kwa nyumba.

Ndinakhala pakhonde paja, chinthucho chili pamiyendo. Ndinaika chikhato papepala lakuda lija. Linkanjenjemera mofewa, motentha ndi dzuwa, monga pamanjenjemerera pakhosi pa munthu ukapagwira iye akulankhula. Ndinali ndikadakwiya, ndinali ndikuwatukwanabe chamumtima. Dzanja sindinalichotse. Kunyanja mtambo wina unali utanyamuka, wakuda kunsi kwake, wa mvula yeniyeni. Ndinapukuta magazi m'diso kuti ndiuone ndi maso onse awiri, ndinayamba kuuyesa kuti utenga nthawi yotani kufika padzuwa.